Mzere wa Odikira Zotsatira

Madzulo a Lachitatu limenelo ndinali ndekha m'labotale, ndikudya injera yozizira, buledi wathu wopyapyala, ndi shiro, ndiwo ya nyemba zopera, patebulo limene sitiloledwa kudyerapo. Anzanga anali ataweruka. Kunja mvula ya Hamle, mwezi wa mvula yambiri pa kalendala yathu, inali itagwa masiku asanu osakata, ija yozizira yolowa mpaka m'mafupa.

Dzina langa ndine Fikirte. Ndagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi m'chipinda choyezera tizilombo pachipatala cha m'tauni mwathu, kumapiri kuno, kutali ndi Addis Ababa. Ntchito yanga ndi yosavuta kuifotokoza. Dokotala akanditumizira mafinya a wodwala, ndimawadzala m'kambale ka chakudya cha tizilombo. Tizilombo tikamera, ndimatipaka pakambale kena, n'kuika pamwamba pake timapepala tozungulira, tating'ono ngati mphodza. Kapepala kalikonse kali ndi mankhwala akeake. Kambaleko kamagona usiku wonse m'bokosi lofungatira, lofunda ngati thupi la munthu. M'mawa ndimatenga rula. Pamene mankhwala agwira, tizilombo sitiyandikira kapepala, pamatsala bwalo loyera. Bwalo likakula, wodwala ali ndi mwayi. Likasowa, mankhwalawo ndi madzi chabe.

Chaka chimenecho mabwalo ankasowa. Kambale ndi kambale, tizilombo tinkamera mpaka kukhudza kapepala. Ndinkafika kunyumba mutu ukuwawa, n'kumakalipira ana anga pa zinthu zopanda pake.

Amene anandigoneka kuntchito usiku umenewo anali Yeshareg, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Anabereka mwana wake woyamba pa opaleshoni. Mwanayo anali bwinobwino, koma chilonda cha mayi chinakana kupola. Chinatupa, chinaphulika, chinayamba kutuluka mafinya obiriwira. Anamubaya mankhwala amitundu itatu, thupi osasiya kutentha. Pofika sabata yachiwiri, kuti atembenuke pabedi pankafunika anthu awiri.

Kambale kake koyamba kanaphedwa ndi magetsi. Anazima usiku, bokosi linazizira, ndipo m'mawa ndinapeza tizilombo titamera mwa apo ndi apo, zosatheka kuyeza. Jenereta ya chipatala imafika ku chipinda cha opaleshoni ndi kwa makanda basi. Ndinali nditalemba makalata anayi kupempha waya umodzi wokha wofika kwa ife. Yankho linali limodzimodzi nthawi zonse: nkhaniyi ikuganiziridwa.

Kambale kachiwiri kanatuluka bwino, koma popanda bwalo ngakhale limodzi. Dokotala Ashenafi, amene ankayang'anira wodi ya amayi, anabwera yekha pepala lili m'manja.

"Fikirte, ichi n'chiyani?"

"Zotsatira, Dokotala."

"Mankhwala sikisi, onse osagwira? Timapepala tanuti tinasukuluka kalekale."

"Ndinatiyesa pa tizilombo todziwika Lolemba. Tili ndi mphamvu."

"Ndiye ndimubaye chiyani? Madzi odalitsa?"

"Ine ndimayeza, Dokotala. Sindipanga mankhwala."

Anaponya pepalalo patebulo. "Bwerezani. Ndipo fulumirani, ameneyu sadikira."

Ngati kuti ndine ndimauza tizilombo nthawi yomera. Kubwereza timapepala tomwe tija kukanakhala kutaya tsiku lina, choncho ndinaimbira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, wogwira ntchito ku labotale yaikulu ya mumzinda. Ananditumizira pabasi timapepala tinayi ta mankhwala amphamvu, titakulungidwa m'fulasiki ya ayezi. Tinayi basi. Tikawonongeka, panalibenso tina.

Mwamuna wa Yeshareg, Endalew, anali telala wa kumsika. Anatsekera makina ake m'nyumba n'kusamukira pa benchi la pakhonde pathu, moyang'anizana ndi kazenera kamene timalandirirapo mabotolo. Kazenerako kali ndi chitseko chathabwa, ndipo pansi pake pali mpata wokwana dzanja, wopatsirana mapepala. Ndikangotsegula m'mawa, nkhope yoyamba inkakhala yake.

"Etye Fikirte, achemwali anga, zatuluka?"

"Mawa, Endalew."

"Dzulo munati mawa."

"Tizilombo timafuna usiku wathunthu."

"Nanga wadzana uja unali usiku watheka?"

Lachitatu limenelo, nditaika kambale kachitatu m'bokosi cha m'ma folo koloko, ndinamuthamangitsa ndekha. Ndinati akagone kunyumba, akaone mwana amene anali ndi agogo ake. Anapita monyinyirika. Ine ndinatumiza uthenga kwa mwamuna wanga kuti sindibwera. Ndinali nditatsimikiza kuti kambale kameneka ndikalondera ndi maso anga.

Cha m'ma eyiti anadutsa Gash Terefe, alonda athu a usiku, mkulu waimvi amene anali msilikali kale. Anasuzumira pakhomo atadzikulunga gabi yawo, nsalu yokhuthala yofunda.

"Mwana wanga, wasamukira muno? Mwamuna wakupitikitsa?"

"Ndikulondera kambale, Gash."

"Kambale." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye tenga ndodoyi, ine ndikagone."

"Muzidzandizonda usiku."

Kuseka kunatha. Anayang'ana khonde, kenako nsapato zawo.

"Mbali inoyi usiku sindifikako. Mawondo anga ndi masitepe awa sagwirizana."

Khonde lathu lili ndi masitepe awiri okha. Sindinalabadire. Ndinakhoma chitseko, ndinatseka kazenera, ndinakhala pampando moyang'ana kagetsi kofiira ka bokosi.

Magetsi anazima itangokwana leveni.

Ndinatukwana mokweza, mawu amene mayi anga sanandiphunzitse. Ndinayesa kuimbira wa jenereta, koma netiweki inali itapita limodzi ndi magetsi, monga imachitira kwathu kuno. Ndinayatsa tochi ya foni n'kumayang'ana choyezera kutentha cha pa bokosi. Bokosi lathu ndi lakale, mphira wa pachitseko unatha. Madigiri 35 anatsika kufika 33. Kenako 31. Mvula inkamenya malata. Ndinkaona tsiku lina la Yeshareg likutayika ine ndili pomwepo, manja ali lende.

Ndiye ndinachita chinthu chimene palibe buku limene limalola. Ndinatulutsa kambale, ndinakamata ndi tepi kuzungulira, ndinakaika m'mapepala apulasitiki awiri. Ndinakweza bulawuzi n'kukakhazika pamimba, pakhungu penipeni, n'kumanga ndi netela yanga, mpango wopyapyala wa pamapewa. Pamwamba ndinafunda gabi imene timasunga m'kabati. Ndinatsamira chagada pampando kuti kambale kasapendekeke. Mayi wa ana atatu, ndili ndi tizilombo tosamva mankhwala pamimba ngati nkhuku pa mazira. Ndinaganiza za makalata anayi aja, mano anga akukukuta.

Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji. Mwina ola, mwina awiri. Sindinagone.

Wina anagogoda pakazenera.

Katatu, pang'onopang'ono, mwaulemu. Kugogoda kwa munthu wozolowera kudikira.

"Ndani?"

"Ndine."

Anali mawu a mzimayi wachikulire ndithu, osasa ngati a munthu waludzu.

"Kuno n'kotseka, mayi. Zamagazi pitani kwa a usiku, kuseri kwa wodi ya amuna."

"Si zamagazi. Ndabwerera zotsatira."

"Mubwere m'mawa."

Mvula inkamenyabe malata.

"Munatero kale."

Kunena zoona, mantha sanandigwire nthawi imeneyo. Chinandigwira ndi ukali. 

"Mayi, ine si magetsi. Ine si jenereta. Ndili ndekha muno mumdima, ndadya injera ya dzulo, ana anga agona osandiona. Aliyense amabwera pakazenera pano ngati zotsatira ndimazibisa m'thumba. Pitani mukagogode ku ofesi ya akuluakulu, muone ngati akutsegulireni."

Sanachoke. Ndinkamva kupuma kwake kuseri kwa thabwa, kofulumira, kwakufupi. Manyazi anandigwira. Munthu wobwera pakati pa usiku mvula yotere ndiye kuti zamuthina.

"Chabwino. Nambala ya khadi?"

Anaitchula mosadodoma, manambala asanu ndi imodzi.

Ndinadzuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira pamimba ngati wapakati wa miyezi isanu ndi inayi. Ndinatsegula kaundula wathu, buku lalikulu limene timalembamo wodwala aliyense. Nambalayo sinali m'mwezi umenewo. Sinalinso m'mwezi wathawo. Ndinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba, foni nditailuma pakamwa kuti iunikire. Ndinaipeza m'mwezi wa Yekatit, miyezi isanu m'mbuyo.

Zenebech Tiruneh. Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Chilonda cha moto pamwendo. Kumapeto kwa mzere kunali mawu ofiira, olembedwa ndi dzanja langa: anamwalira zotsatira zisanatuluke.

Ndinamukumbukira. Nkhope yake sindinaionepo, koma kambale kake ndinakakumbukira bwino. Nakonso kanachedwa masiku awiri chifukwa cha magetsi. Katatuluka, kanaonetsa bwalo limodzi lalikulu, loyera bwino, la mankhwala otchipa amene anali mbwee pa shelefu ya ku famase kwathu komweko. Ndinathamanga nalo pepala ku wodi, n'kupeza bedi atayalapo kale munthu wina. Ndinabwerera, ndinaika pepalalo m'faelo. Sindinauze aliyense.

Ndinachotsa foni pakamwa. Ndinadziuza kuti ndi m'bale wake, wasunga khadi.

"Ndinu ndani wake wa Mayi Zenebech?"

"Ndine Zenebech."

Apo m'pamene ndinamva fungo. Linkalowa pa mpata wa pansi pa kazenera. Aliyense wogwira ntchito yathu amalidziwa, lozuna monyansa ngati zipatso zoyamba kuola. Ndi fungo la chilonda chimene tizilombo tobiriwira tamangamo mudzi.

Benchi linalira kunja. Wina anali atakhalapo. Linaliranso.

Mwamuna wina anatsokomola. Mawu ena, otsika, anati, "Sunthani pang'ono." Nsalu zinakhulana. Kumapeto kwa benchi khanda linalira kamodzi, mofooka, wina n'kulitonthoza. Njira yofika pakhonde pathu inali matope okhaokha, ofika m'kakolo. Sindinamve phazi ngakhale limodzi likubwera.

Sankalankhulana zambiri. Ankangodikira, monga anthu amadikirira masana.

"Zinatuluka bwanji?" Zenebech anafunsa.

Tsamba linali lotsegula pamaso panga, dzina la mankhwala aja lili poyera.

"Panalibe mankhwala amene akanagwira," ndinatero. "Onse anakanika."

Ndinanama. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinanamiza iye kapena ndinadzinamiza ndekha.

"Mmm," anatero. "Ndidikira."

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda furiji. Thupi lonse linali litazizira, ndipo ndinazindikira kuti pamimba panganso pazizira. Thukuta la mantha silifunditsa kanthu.

"Chimene mwafungatiracho chikuzizira," anatero.

Kazenera kanali kotseka. M'chipinda munali mdima, kupatula kuwala kwa foni pa kaundula.

"Ndipatseni ndikusungireni. Ine kutentha sikunandichoke."

Dzanja linalowa pa mpata paja. Linalowa mpaka m'mkono, n'kutambasuka pathabwa, chikhatho kumwamba. Dzanja la mzimayi wogwira ntchito, zikhadabo zazifupi. Pamkono panali pulasitala yakuda ya pamene panalowa diripi. Ndinali kutali mapazi atatu, koma kutentha kwake ndinakumva kumaso ngati ndayandikira mbaula.

Ndikuuzani chinthu chimene sindinauzepo mwamuna wanga. Ndinaganiza zomupatsa. Mutu wanga unawerengera monga umachitira tsiku lililonse: kambale kakufuna kutentha, kutentha ndi uko. Dzanja langa linali litafika kale pa mfundo ya netela. Chinandiletsa si kulimba mtima. Ndinangokumbukira kuti timapepala ndi tinayi tokha, ndipo chinthu chikatuluka pakazenera kaja sichibwereranso.

"Sindingathe, mayi."

Dzanja silinasunthe.

"N'ka yani kambaleko?" anafunsa mwamuna wa chifuwa uja.

Ndinakoka gabi, n'kuphimba pamimba.

"Ka wa bedi la pazenera," anatero mawu ena. "Wamng'ono uja, wa mwana."

"Aa. Ndiye wina akamuitane. Agwiretu malo, mzere ukutalika."

Benchi linalira, ngati munthu wanyamukapo.

Ndinaitana Gash Terefe. Mawu anga anatuluka ochepa ngati a mwana, mvula n'kuwameza. Ndinayesa foni ya ku wodi, ndikudziwa kuti siilowa. Ndinafika pachitseko, ndinagwira kiyi. Kuti ndikafike ku wodi ndinayenera kudutsa pakhonde, pamaso pa benchi lonse. Ndinasiya kiyi. Ichi nachonso ndimachinena momwe chinalili.

Ndinakhala pansi pakona, kutali ndi kazenera, miyendo nditatambasula, kambale kali pamimba. Foni inatha moto. Mumdimamo dzanja sindinkalionanso, koma ndinkadziwa kuti likadalipo, chifukwa chipinda chinayamba kufunda. Poyamba ndinayesa ndi gabi. Kenako thukuta linayamba kuyenderera m'khosi. Labotale yathu, imene mwezi wa Hamle timagwiramo ntchito titavala majuzi awiri, inafunda ngati khitchini yophikira injera. Madzi ankadontha kuchokera pa magalasi a mawindo. Fungo lija linadzaza paliponse.

Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kawiri. Pakati pa mapemphero ndinkatukwana waya uja.

Nthawi ina usikuwo benchi linaliranso.

"Khalani apa, mwana wanga," anatero Zenebech. "Kumapeto. Musadumphe anzanu."

Belu la tchalitchi cha kumtunda linalira kusanache. Patangopita pang'ono furiji inayamba kung'ung'udza, nyale zinayaka. Pathabwa la kazenera panalibe kanthu. Ndinamasula netela n'kubwezera kambale m'bokosi. Kanali kofunda.

Kenako wina anamenya chitseko ndi ndodo.

"Fikirte. Fikirte, tsegula msanga."

Anali Gash Terefe. Anaima pansi pa masitepe, osakwera, akuloza ndi ndodo.

Yeshareg anali pa benchi. Anakhala kumapeto kwenikweni, theka la thako lili m'malere, atapanikiza zigongono ngati munthu wothinana ndi anzake. Benchi lonselo linalibe munthu wina. Anavala malaya a chipatala okha, pamimba atanyowa ndi mafinya. Singano ya diripi inali ikadali pamkono. Ndinayang'ana mapazi ake. Analibe nsapato, ndipo analibe dothi ngakhale pang'ono. Kuchokera ku wodi ya amayi kufika kwa ife ndi mtunda woti munthu wabwinobwino amapumira panjira.

Ndinagwada patsogolo pake. Ankatentha ngati chitsulo cha padzuwa.

"Yeshareg, mukutani kuno?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa zopusa.

"Anati ndigwire malo," anatero. "Ndine wa nambala naini."

Tinamunyamula pamachira anthu anayi. Namwino wa usikuwo analumbira pa mtanda wake kuti chitseko cha wodi anakhoma yekha ndipo kiyi anagona naye m'thumba. Amayi a mabedi oyandikana anati sanamve kanthu. Mmodzi yekha anati anadzuka usiku chifukwa cha kutentha, n'kutaya bulangeti.

Nditabwerera m'labotale ndinatsegula kaundula. Ndinawerenga mizere yofiira kuyambira mwezi wa Yekatit. Inali isanu ndi itatu. Umodzi unali wa khanda la masiku khumi.

Kambale ndinakawerenga naini koloko. Timapepala titatu tinali titamizidwa, tizilombo mpaka m'mphepete. Kachinayi kanali ndi bwalo. Silinali lalikulu, koma linali loyera, lozungulira bwino. Ndinayeza katatu. Linapitirira ndi mamilimita awiri malire osonyeza kuti mankhwala agwira.

Dokotala Ashenafi anali atamva kale za pamimba, chifukwa ndinalemba ndekha pa pepala la zotsatira momwe kambale kanagonera.

"Kambale kofungatira ngati dzira. Mukufuna ndikhulupirire zimenezi?"

"Muli ndi kena, Dokotala?"

Maso ake anali ofiira ngati anga. Anatulutsa cholembera, n'kulemba mankhwala a kapepala kachinayi.

Mankhwalawo ku famase kwathu kunalibe. M'tauni monse munalibe. Endalew anakwera basi ya ku Addis Ababa masana omwewo, ndipo pobwerera anapeza phiri litagumukira mumsewu. Anagona m'basi usiku uwiri, bokosi la mankhwala atalikumbatira. Masiku atatu amenewo ine ndinkadutsa pa wodi m'mawa uliwonse kukasuzumira bedi la pazenera, cholembera chofiira nditachisiya dala kunyumba.

Yeshareg anachira. Sikuti zinayenda bwino. Anabwereranso ku opaleshoni, chiberekero anachotsa, ndipo anagona m'wodi masabata asanu. Anatuluka woonda ngati bango, mwana ali m'manja mwa Endalew. Ndinamufunsa za benchi, anati sakukumbukira. Ankangokumbukira kuti wina anamugwira dzanja, ndipo dzanjalo linali lotentha kuposa lake.

Akuluakulu a chipatala anakhala pansi n'kugamula nkhaniyo. Namwino uja anati anagona pantchito, anamusamutsira ku chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ine anandilembera kalata ya chenjezo chifukwa chotulutsa tizilombo toopsa m'bokosi n'kutiika pathupi. Benchi analamula kuti lichotsedwe, ati limakopa anthu kudzaza pakhonde. Za waya anati zikuganiziridwa.

Nkhani inayenda m'chipatala monse, monga nkhani zimayendera pa khofi wa masana. Amayi okolopa anati labotale yathu kale inali nyumba ya chisoni. Ena anati Yeshareg ali ndi mizimu ya kwawo, ndiyo inamunyamula. Wina wa ku khitchini anati ine ndinapuma mpweya wa mankhwala usiku wonse, mutu unasokonekera. Ameneyo ndinamufunsa kuti mpweyawo unatsuka bwanji mapazi a wodwala, anangoseka.

Gash Terefe sanalowerere zimenezo. Ndinawapeza tsiku lina madzulo pageti akukazinga barele pa kambaula kawo.

"Nyumba ya chisoni yake iti?" anatero. "Ine ndinabwera pano chipindacho akusungiramo matiresi."

"Ndiye ndi chiyani, Gash? Munkadziwa. Si mawondo."

Anatakasa barele.

"Amabwera magetsi akazima. Sachita chipongwe, sakankha chitseko. Ine ndinaona nkhondo, mwana wanga, akufa okwiya ndimawadziwa. Awa si okwiya. Munthu ukamuuza kuti abwere mawa, amabwera."

Mawu amenewo anandikhala pamtima sabata yathunthu. Lachisanu lotsatira ndinadikira kuti anzanga aweruke. Kunali kusanade kwenikweni. Ndinatenga faelo ya mwezi wa Yekatit, ndinatsegula kazenera, ndinaima moyang'ana khonde lopanda munthu. Ndinadzimva wopusa. Komabe ndinawerenga mokweza, monga timawerengera kwa dokotala pa foni: dzina, nambala ya khadi, mtundu wa tizilombo, mankhwala amene anakanika. Kenako ndinatchula amene akanagwira. Ndinanena kuti analipo, pa shelefu yachiwiri ku famase, ndipo pepala linachedwa masiku awiri. Ndinanenanso kuti usiku uja ndinanama.

Palibe anayankha. Ndinatseka, ndinapita kunyumba.

Ena asanu ndi awiri aja sindinawawerengere. Ndinatsegula mafaelo awo, ndinawatsekanso. M'mapepala awo mulibe bwalo ngakhale limodzi. Sindidziwa kuti munthu umamuuza bwanji kuti anadikira chinthu chopanda kanthu.

Sindinagonenso m'labotale. Magetsi akazima usiku ndimadzuka pabedi panga, n'kumawerenga m'mutu timbale timene tili m'bokosi, ndi mayina ake. Mwezi wotsatira, wa Nehase, anazima kasanu ndi kawiri. Ndinalemba kalata yachisanu.

M'mawa wina, magetsi atagona osayaka, ndinakumana ndi Gash Terefe akuweruka, gabi itanyowa ndi mame.

"Akubwerabe?" ndinafunsa.

"Ndimamvera patali," anatero. "Wa mawu osasa uja sindikumumvanso."

"Nanga enawo?"

Anakoka gabi paphewa, n'kuyang'ana kumene kunali khonde lathu.

"Benchi anachotsa," anatero. "Akudikira choimirira."